Galimoto za hybrid zafika kwa Kanduku, koma batire likafa akonze ndani?

MWANZA - Aliyense woyenda pa msewu wa M6, umene umadutsa pa Zalewa kukafika pa chipata cha Mwanza, waona kuti mtundu wa galimoto zing'onozing'ono zoyenda pa msewuwu wasintha m'zaka zochepa zapitazi. Pakati pa galimoto zonyamula anthu ndi za ogwira ntchito m'boma tsopano pali Toyota Aqua, Toyota Prius, Honda Fit ndi Toyota Sienta za mtundu wa hybrid, zomwe zimayendera petulo ndi magetsi.

Galimotozi, zomwe zambiri zimagulidwa zitagwirapo kale ntchito ku Japan, zafikanso m'dera la Mfumu yaikulu Kanduku m'boma lino, kumene ogwira ntchito m'boma ndi ochita malonda akuziona ngati njira yothawira mtengo wa mafuta. Koma ogula ambiri sadzifunsa pa tsiku logula kuti batire lalikulu la galimotoyo likadzafooka adzalikonza ndani, komanso pa mtengo wanji.

Chomwe chakopa anthu n'chosabisika. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 44, ndipo bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority lidakweza mtengo wa petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Mu Okutobala 2025 mtengowu udafika pa K3,499. Kuwonjezera apo, kusowa kwa mafuta kwa mu 2022 ndi 2024 kudagoneka anthu pa mizere ya m'malo omwetsera mafuta. Pa nthawi yotere, galimoto yomwa petulo wochepa imaoneka ngati mpulumutsi. Pomwe kampani ya Toyota inkayamba kugulitsa Aqua mu Disembala 2011, muyeso wa boma la Japan udaonetsa kuti galimotoyi imayenda makilomita 35.4 pa lita, ngakhale pa misewu yeniyeni, makamaka yathu yokumbikakumbika, chiwerengerochi chimatsika kwambiri.

Galimoto ya hybrid imakhala ndi mabatire awiri. Loyamba ndi laling'ono la mavolti 12, longa la galimoto ina iliyonse, lomwe limayatsa kompyuta, nyali ndi wailesi. Lachiwiri ndi lalikulu, lomwe limakhala pansi kapena kuseri kwa mpando wakumbuyo, ndipo ndilo limayendetsa mota ya magetsi yothandiza injini. Batire la Aqua yoyambirira lili ndi zigawo 20 zolumikizidwa mondondozana, ndipo limatulutsa mavolti 144. La Prius yopangidwa pakati pa 2003 ndi 2015 lili ndi zigawo 28 zotulutsa mavolti 201.6. Batireli silifuna magetsi a Escom, chifukwa limadzaza lokha injini ikamalira komanso dalaivala akamaponda mabuleki.

Pa galimoto za Toyota zoterezi palibe sitata yodziwika ija. Injini imalizidwa ndi mota yodalira batire lalikulu, choncho batirelo likaferatu galimoto siyenda, ngakhale thanki itadzaza. Kukankha sikuthandiza, ndipo kuikoka ndi chingwe matayala akutsogolo ali pansi kungawononge zipangizo za magetsi. Kwa munthu wa ku Kunenekude kapena ku Thambani, izi zikutanthauza kusaka lole yoti inyamule galimotoyo mpaka ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 100, makaniko asanaikhudze n'komwe.

Gwero la vutoli ndi zaka. Ku Japan, chitsimikizo cha kampani ya Toyota pa batire la hybrid chimatha pakapita zaka zisanu kapena makilomita 100,000. Ku America chidali zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chidawonjezeredwa kufika pa zaka khumi kuyambira pa galimoto za 2020. Aqua yopangidwa mu 2012 kapena 2013, yomwe ndiyo Mmalawi wolandira malipiro a m'boma angaikwanitse, imafika kuno itapyola kale malire onsewa. Utoto umakhala ukuwala, mipando ili yoyera, makilomita akuoneka ochepa, koma batire limakalamba ndi zaka zomwe, osati ndi mtunda wokha. Galimoto yomwe yakhala miyezi ingapo pa malo a okushoni, m'sitima ya pamadzi ndi pa doko la Dar es Salaam kapena Durban osalizidwa imafikanso batire litafookerako.

Likafika ku Mwanza, batirelo limakumana ndi adani ake awiri, kutentha ndi fumbi. Batire la mtundu wa nickel-metal hydride, lomwe lili mu Aqua ndi Prius zakalezi, limaziziritsidwa ndi kafani komwe kamakoka mpweya wa m'kati mwa galimoto kudzera pa kabowo ka pafupi ndi mpando wakumbuyo. Pa misewu yafumbi ya m'midzi kafaniko kamadzaza fumbi ndi tsitsi, mpweya n'kuchepa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pomwe chigwa cha Shire pa Zalewa chimatentha moti phula limachita kufewa, batire losazizira bwino limapsa pang'onopang'ono mwini wake osadziwa.

Pali ndi kagwiritsidwe ntchito kathu. Galimoto yomwe idapangidwira banja laling'ono la ku Nagoya imanyamula kuno anthu opyola muyeso, ndipo nyengo ya manachesi, omwe boma la Mwanza limatchuka nawo, matumba amasanjidwa mpaka pa mpando wakumbuyo. Thumba limodzi kapena chitenje chotsekereza kabowo kaja n'chokwanira kulepheretsa batire kupuma ulendo wonse wa ku Blantyre. Kutsuka kafaniko ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kugula batire, koma si amakaniko onse amene amadziwa kuti kaliko.

Kusowa kwa mafuta kwawonjezera ngozi ina. Petulo akatha, madalaivala ena amakakamiza galimoto kuyendera magetsi okha pofuna kukafika pa malo omwetsera mafuta. Batire la galimotozi ndi laling'ono, limayenda mtunda waufupi chabe palokha, ndipo kompyuta imalisunga pakati pa maperesenti pafupifupi 40 ndi 80 kuti likhalitse. Likatsika kupyola malire, silingalizenso injini ngakhale petulo atathiridwa, ndipo pamafunika makina apadera olidzazira, omwe sapezeka mu galaja wamba.

Zizindikiro za batire lofooka zimadziwika. Petulo amayamba kutha msanga, injini imalira nthawi zonse, muyeso wa batire pa dashibodi umakwera ndi kutsika mofulumira, kafani kakumbuyo kamachita phokoso, ndipo pamapeto pake nyali yochenjeza imayaka. Kompyuta yoyezera ikalumikizidwa, kawirikawiri imaonetsa nambala ya P0A80, yomwe tanthauzo lake n'loti batire lisinthidwe. Apa ndi pomwe ndalama za anthu ambiri zimatayikira, chifukwa si nthawi zonse pamene vuto limakhala batire lonse. Batire laling'ono la mavolti 12 likafooka, galimoto imakana kuyaka ndipo imaonetsa machenjezo osokoneza. Nthawi zina ndi timizere ta kopa tolumikiza zigawo tomwe tachita dzimbiri. Penanso vuto limakhala mu inverter, chipangizo chomwe chidachititsa kuti mu Febuluwale 2014 kampani ya Toyota iitanitse galimoto za Prius 1.9 miliyoni pa dziko lonse kuti ikakonze pulogalamu ya kompyuta yake. Munthu wogula batire asanayezetse bwino angathe kulipira mamiliyoni pa matenda omwe galimoto ilibe.

Batire likatsimikizika kuti lafa, njira yotchipa yomwe ambiri amathamangira ndi kusintha chigawo chimodzi kapena ziwiri zomwe zaferatu. Galimoto imadzuka, nyali imazima, mwini wake n'kubwerera kwawo akumwetulira. Koma zigawo zotsalazo ndi za msinkhu umodzi ndi zomwe zafazo, ndipo zidapsa ndi kutentha komweko. Popeza zimagwira ntchito mondondozana, chigawo chofooka kwambiri ndicho chimalamula mphamvu ya batire lonse. Ngati makaniko sadayeze chigawo chilichonse ndi kuzilinganiza mphamvu, ntchito yomwe imatenga masiku, nyali ija imayakanso pakapita miyezi yochepa. Amene wasintha zigawo katatu kapena kanayi, n'kuwerengera ndalama zonyamulira galimoto ndi masiku omwe sidagwire ntchito, amadzapeza kuti walipira zambiri koma akadali ndi batire lakale.

Ena amagula batire lathunthu lochotsedwa mu galimoto zangozi za ku Japan. Izi zili bwino pokhapokha wogulitsa ataonetsa zotsatira za kuyeza ndi kupereka chitsimikizo cholemba, chifukwa batire la zaka khumi silionekera kunja kuti latsala ndi moyo wotani. Batire latsopano ndilo lodalirika, koma limagulidwa ndi ndalama zakunja. Ku America, kuika batire latsopano mu Prius kumaposa madola 2,000. Pa mtengo wa m'mabanki wa mu 2024, wa pafupifupi K1,750 pa dola, imeneyi ndi K3.5 miliyoni, osawerengera zonyamulira ndi msonkho. M'chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma adali K90,000 pa mwezi. Ndipo popeza madola akhala akusowa m'mabanki, oitanitsa katundu ambiri amawapeza pa mtengo wokwera kuposa apa, n'kuukankhira kwa wogula.

Izi sizikutanthauza kuti galimoto ya hybrid ndi yoluzitsa. Mwachitsanzo, munthu woyenda makilomita 15,000 pa chaka ndi galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita amafuna malita 1,250. Ndi hybrid yoyenda makilomita 20 pa lita amafuna malita 750. Malita 500 opulumutsidwawo, pa mtengo wa Okutobala 2025, ndi ndalama pafupifupi K1.75 miliyoni, kutanthauza kuti batire la K3.5 miliyoni lingabwezedwe ndi petulo wa zaka ziwiri. Vuto n'loti ndalama zopulumutsidwazo sizisungidwa padera, zimalowa mu fizi ndi feteleza, pomwe batire limafuna ndalama zonse tsiku limodzi. Kwa wogwira ntchito m'boma amene akubweza kale ngongole ya galimotoyo kudzera pa malipiro, tsiku limenelo galimoto imakwera pa miyala. Amene amayenda pang'ono, galimoto n'kumakhala milungu ili chiimire, ndiye sapindula kwenikweni, chifukwa petulo wopulumutsidwa ndi wochepa pomwe batire likukalambabe.

Nkhani ya luso ndiyo ikufunika chidwi cha akuluakulu mwachangu, kaamba koti ikukhudza miyoyo. Mawaya a mtundu wa olenji mu galimotozi amanyamula magetsi otha kupha munthu, ndipo mu Prius ya 2009 mpaka 2015 mphamvuyi imakwezedwa kufika pa mavolti 650. Asanagwire batire, makaniko amayenera kuzula pulagi yachitetezo, kudikira mphindi zingapo ndi kuvala magolovesi apadera. Amakaniko ambiri a m'maboma adaphunzira ntchito pa injini za petulo ndi dizilo, ena pansi pa mtengo, ndipo palibe amene angawadzudzule posadziwa zomwe sadaphunzitsidwe. Bungwe la Teveta, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi makoleji monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe komanso makoleji a m'madera omwe boma lidayamba kutsegula mu 2015, ali ndi mwayi wopereka maphunziro aafupi kwa amakaniko omwe ali kale pa ntchito. Apolisi apamsewu ndi azaumoyo, omwe amayamba kufika pa malo a ngozi za pa M6, nawonso akuyenera kudziwa mawaya osayenera kudulidwa potulutsa ovulala.

Pa za malamulo, maiko ena asankha njira zosiyana. Dziko la Kenya sililola galimoto zopyola zaka zisanu ndi zitatu, pomwe la Zimbabwe lidaletsa mu 2021 galimoto zopyola zaka khumi. Kuno bungwe la Malawi Revenue Authority limalipiritsa msonkho malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Kuletseratu galimoto zakale kungalepheretse Amalawi ambiri kukhala ndi galimoto, koma kulamula ogulitsa kuti azionetsa chikalata cha thanzi la batire kungateteze wogula popanda kukweza mtengo kwambiri. Lamulo loteteza ogula la 2003 komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission zilipo kale, ndipo wogulitsidwa batire lakufa monamizidwa ali ndi kokadandaula, malinga ngati adasunga lisiti.

Maofesi a boma ndi makhonsolo omwe angaganize zogula galimoto zoterezi akuyenera kuwerengera mtengo wa batire, kupezeka kwa amakaniko ndi chitsimikizo cha wogulitsa mu ndondomeko zawo zogulira katundu, osayang'ana mtengo wogulira wokha. Galimoto ya khonsolo ya Mwanza yoyendera ntchito za chitukuko kwa Kanduku idzakumana ndi fumbi lomwelo.

Chotsala ndi koponya mabatire akufa. Muli nickel ndi madzi a potassium hydroxide omwe amawotcha khungu, ndipo zigawo zotayidwa kuseri kwa galaja zingathe kuipitsa nthaka ndi zitsime mvula ikagwa. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo dziko lino lili m'pangano la Basel la 1989 lokhudza kayendetsedwe ka zinyalala zoopsa. Mabatire a mtovu a mavolti 12 ali kale ndi ogula oyenda m'makwalala. Mabatire a hybrid akufunika njira yawoyawo yowasonkhanitsira, ndipo poti boma la Mwanza lili pa msewu wodutsa ku Tete kupita ku Zimbabwe ndi South Africa, malo osonkhanitsirapo atakhala pafupi ndi chipatachi, malole obwerera opanda katundu akhoza kumawanyamula.