Thermostat si ya ku Japan kokha

Kuno kwathu galimoto ikangoyamba kuwira, amakaniko ambiri amathamangira kuchotsa thermostat. Ati kachipangizoka anakapangira maiko ozizira ngati Japan. Ine ndikukana.

M'kati mwa thermostat muli phula. Injini ikakhala yozizira, thermostat imatseka njira ya madzi opita ku rediyeta kuti injiniyo itenthe msanga. Kutentha kukafika pa madigiri olembedwa pa thermostat, monga 82 pa magalimoto ambiri a Toyota, phula lija limasungunuka n'kufutukuka, basi njira n'kutseguka. Ndi zija mumaphunzira mu Physics, zoti zinthu zimafutukuka zikatenthedwa.

Tsono taganizani za lole yonyamula tiyi m'mapiri a kwa Nsabwe, m'mawa wa chiperoni mu Julayi. Ikakhala yopanda thermostat, injini imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri, zitsulo zake n'kumaperepeseka msanga.

Kauzeni amalume anu: thermostat ikafa, agule ina ya madigiri omwewo. Asanaiike, aiviike m'poto wa madzi pamoto limodzi ndi thermometer, aone ngati ikutseguka pa nambala yakeyo. Ndipo rediyeta ikadali yotentha asatsegule chivundikiro, angapse nawo madzi.