ZA ZIWETO ZATHU: Kagalu Sikakhuta ndi Mkute Wokha

Ku Metangula ndi ku Cobué kuli mabanja oweta tiagalu togwira makoswe, tonga tija azungu amati terrier. Kagalu kotere sikakhala pansi, koma kamimba kake n'kakang'ono. Choncho kamafunika kudya kawiri pa tsiku, osati mkute wa kondowole wokha ayi.

Mwini wanzeru amakasakanizira nsima ndi usipa wophika wopanda mchere, ndipo madzi akumwa sasowa m'mbale. Minga ya kampango ndi mafupa a nkhuku ophika zimalasa pakhosi. Anyezi ndiponso madzi ovikamo chinangwa chowawa ndi poizoni kwa galu.

Galu wanjala amakwera pathandala la mnansi, ndipo woyankha mlandu wa usipawo kwa amfumu ndi mwini galu.