Kodi makina angalowe m'malo mwa dzuwa?

Amayi anzanga, palibe wa ife amene sadziwa mavuto a zochapa pa nyengo ya mvumbi. Mwachapa m'mamawa, mwayanika, musanakhale n'komwe pansi kumwamba kwada, ndipo muyenera kuthamanga kukaanula. Matewera a khanda amagona pa mipando masiku awiri, yunifolomu ya mwana wa sukulu imafika Lolemba ikadali yonyowa m'khosi. Anzathu a ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre amaonanso zomwezi mu June ndi July chiperoni chikagwa. N'chifukwa chake ambiri a inu mtima umadumpha mukamva za makina amene amachapa n'kuumitsa okha zovala. Koma musanamasule mfundo ya chitenje, kapena kuwaumiriza bambo a kunyumba, tiyeni tione m'mene makinawa amaumitsira, pakuti safunsa adadya phula.

Makina otere sadayambe lero. Kampani ya Bendix ya ku America idatulutsa ake, otchedwa Duomatic, mu 1953. Masiku ano ngofala kwambiri m'nyumba zosanjikizana za m'mizinda ngati London, kumene munthu alibe bwalo loyanikapo ngakhale malo oikapo makina awiri. Ena a inu mudawaona kwa ana anu okhala kumeneko.

Kuchapa kwake n'kwabwino ndithu, ndipo pamenepo ndilibe mawu. Nkhani ili pa kuumitsa. Makina akatha kutsukuluza amazunguza mgolo wa zovala mwaliwiro, kokwana 1,200 kapena 1,400 pa mphindi imodzi, kuti madzi ambiri achoke. Kenaka chitsulo chotenthetsera, chonga cha m'ketulo ya magetsi, chimatentha mpweya, ndipo fani imauzira mpweyawo pa zovala zikugubuduzika. Mpweya wotentha umayamwa chinyezi cha m'nsalu. Tsono chinyezicho chimapita kuti, popeza makinawa alibe potulutsira nthunzi panja?

Kumbukirani chivundikiro cha poto. Mukavundukula ndiwo zili pamoto, kunsi kwa chivundikiro kumakhala madontho a madzi, chifukwa nthunzi ikagunda chinthu chozizira imasandukanso madzi. Nzeru ya makinawa ndi yomweyo. Kuseri kwa mgolo kuli kanjira kamene mpweya wa chinyezi umadutsamo, ndipo m'kanjirako mumayenderera madzi ozizira ochokera ku mpopi. Nthunzi ikakumana ndi kuzizirako imasanduka madzi, pampu n'kuwatayira kunja pamodzi ndi a ku mpopi aja. Mpweya umabwerera ku chotenthetsera, n'kuyambanso ulendo wake, mpaka zovala zitauma.

Mwaona pamene pagona nkhani? Makina ambiri a mtundu uwu amamwa madzi pouma pomwe. Ena amatha ndowa zingapo pa ntchito youmitsa yokhayo, ndipo madziwo amawerengedwa pa mita yanu. Mpopi ukauma ntchito ili mkati, makina amaima, kapena zovala zimangotentha osauma. Ngakhale madzi a m'thanki amene atenthedwa ndi dzuwa la mu October amachedwetsa ntchito, popeza nthunzi imafuna madzi ozizira. Mayi wokhala kumene madzi amabwera usiku okha aganizire zimenezi kawiri.

Chachiwiri ndi chimene ogulitsa sachitchula msanga. Pa makinawo pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 8 ndi 5. Tanthauzo lake n'lakuti amachapa makilogalamu 8 a zovala koma amaumitsa 5 okha. Pochapa, zovala zingathe kuthithikana. Pouma zimafuna danga loti zigwe momasuka ndi kuti mpweya udutse pakati pake. Choncho mukadzaza mgolo, muyenera kutulutsa zina zili zonyowa, ndipo zimenezo mudzaziyanika pa waya womwe uja mumauthawa. Mukakakamira kuumitsa zonse pamodzi, za kunja zimauma, za mkati n'kutsala zonyowa, ndipo zonse zimatuluka zitakwinyika ngati zatafunidwa ndi ng'ombe. Mabulangete akuluakulu musayese n'komwe.

Nanga nthawi? Kuchapa ndi kuumitsa mtolo umodzi kumatha maola anayi, asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi. Nthawi yonseyo simungachape mtolo wina, chifukwa mgolo ndi umodzi. Banja la ana asanu silingamalize zochapa za Loweruka pa tsiku limodzi. Magetsi akazima pakati, mudikira ndithu. Ndiponso kuumitsa kumadya magetsi ambiri kuposa kuchapa: mtolo umodzi wochapa ndi kuumitsa ungathe mayunitsi atatu kapena anayi. Tawerengerani nokha pa mwezi. Alipo makina atsopano okhala ndi heat pump, chipangizo chogwira ntchito monga cha m'firiji. Amenewa safuna madzi pouma ndipo sadya magetsi ambiri, koma mtengo wake ngwokwera, ndipo akawonongeka si mmisiri aliyense angawakonze.

Sindikuti makinawa ngachabe, ayi. Kwa mayi wogwira ntchito amene ali ndi banja laling'ono, wokhala pa nyumba yopanda bwalo, kapena kumene zovala zoyanika panja zimasowa, ndi mthandizi weniweni. Amaikamo malaya ochepa madzulo, m'mawa n'kuwapeza atauma. Palinso ubwino wina umene ife a kuno tiyenera kuudziwa: ntchentche ija yobweretsa mphutsi pakhungu imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa zoyanikidwa panja, makamaka pa udzu ndi pa mthunzi. Zovala za khanda zoumira m'makina siziikiridwa mazira. Inu oyanika panja, kumudzi ndi m'tauni momwe, pitirizani kusita chovala chilichonse cha mwana ndi simbi yotentha, mbali zonse ziwiri, osaiwala m'misoko.

Kwa inu amene muli nawo kale, musadabwe zovala zikatuluka zikumveka ngati zonyowa. Kawirikawiri ndi nthunzi chabe. Zikung'untheni, muzipachike kanthawi, zikazizira mudzapeza kuti zauma. Mukatha kuumitsa pukutani mphira wa pa chitseko, chifukwa timaulusi ta nsalu timaunjikana pamenepo, ndipo titatsalira timamatirira pa zovala zakuda zimene mudzachape pambuyo. Sefa ya pampu, imene imakhala kunsi kutsogolo, muziitsegula nthawi ndi nthawi. Mudzapezamo mabatani, makobidi ndi mapini a m'mutu. Majuzi a ubweya ndi zovala za lasitiki musaziumitsemo, zimafupika ndi kutha mphamvu. Matawulo aumitseni paokha, pakuti amasunga madzi ndipo amachedwetsa malaya opepuka.

Ine maganizo anga ndi awa. Kuno kwathu dzuwa limawala miyezi yambiri ya chaka, kuyambira May mpaka October mvula njosowa m'madera ambiri, ndipo dzuwa silidula mayunitsi. Mayi amene ali ndi bwalo, ndalama zake zikakwana agule makina ochapa okha, ofinya bwino. Chovala chofinyidwa ndi makina chimatuluka chili pafupi kuuma, kotero kuti ngakhale pa khonde tsiku la mvula chimauma msanga kuposa chofinya ndi manja. Koma ngati mtima wanu uli pa ochapa ndi kuumitsa omwe, pitani ku sitolo ndi bambo a kunyumba, muwerenge nambala yachiwiri ija, mufunse ngati makinawo amafuna madzi pouma, ndiponso ngati zipangizo zake zimapezeka muno. Ngati ndi ogula kwa munthu, muuzeni aikemo matawulo awiri onyowa, ndipo mukhale pomwepo mpaka muwagwire ndi manja anu atauma.