Chanzi cha Uyu Chapha Anankafumbwe, cha Uyo Chalephera: Wanama Ndani?

Juni akafika, matumba a chimanga n'kuyamba kutsitsidwa m'magalimoto ochokera kwa achibale ku Mzimba ndi ku Rumphi, ku Chiputula mu Mzuzu kumabuka mkangano womwe uja wa chaka ndi chaka. Ena amati m'thumba muikemo masamba a fungo lamphamvu monga ankachitira makolo, anankafumbwe sayandikira. Ena amaseka, amati zimenezo ndi nthano za agogo, munthu wozindikira amapita kusitolo kukagula Actellic. Aliyense ali ndi mboni yake. Mayi uyu chimanga chake chinafika mu Januwale chili gwa. Bambo uyo anatsatira malangizo omwewo, koma pofika Okutobala m'thumba munali fumbi lokhalokha. Amanyozana pang'ono, n'kubalalika, n'kudikira kholola lina.

Amene ali pafupi ndi choonadi ndi a masamba aja. Zomera zonunkhira zili ndi mphamvu yeniyeni, ndipo wokana zimenezi akukana chinthu chimene chinayezedwa kale. Vuto n'lakuti funso limene akukanganirana, lakuti kodi zitsamba zimagwira ntchito, lilibe mutu. Chitsamba chake chiti? Chomera pati? Chothyoledwa mwezi uti, n'kuumitsidwa bwanji? Chotopetsa kwambiri n'chakuti mafunso amenewa anayamba kuyankhidwa zaka zapitazo ku Luwinga konkuno, pa Mzuzu University, ulendo waufupi pa sakaramento kuchokera ku Chiputula, koma yankholo silinafikebe pamsika.

Fungo limene limatsalira m'manja munthu akafikisa tsamba limachokera m'mafuta. Tsamba la bulugamu akaliyang'ana moloza kudzuwa, pamaoneka timadontho ting'onoting'ono towala, ndipo timeneto ndi timatumba ta mafutawo. Chomera sichiwapanga kuti chisangalatse mphuno za anthu. Ndi chida chake chothamangitsira tizilombo ndi nyama zofuna kuchidya. Akatswiri amatulutsa mafutawa mofanana ndi mmene amatchezera kachasu: nthunzi imadutsa m'masamba, imanyamula mafuta, imakazizira m'paipi, ndipo mafutawo amayandama pamwamba pa madzi. Satuluka ambiri ayi. Kilogalamu yathunthu ya masamba nthawi zambiri imapereka supuni imodzi, mwinanso osakwana. M'supuni imeneyo simuli chinthu chimodzi. Muli mankhwala makumimakumi osakanikirana, amene makina otchedwa GC-MS amawalekanitsa n'kuonetsa kuchuluka kwa aliwonse.

Mu 2017, John Kamanula, katswiri wa chemistry pa Mzuzu University, pamodzi ndi anzake a ku Natural Resources Institute ya University of Greenwich, a ku malo ofufuza za zomera a Kew ndi a ku University of Zimbabwe, anasindikiza zimene anapeza pa Lippia javanica. Ichi ndi chitsamba cha masamba okhakhala chimene ena kuno amachitcha chanzi, ndipo ku Zimbabwe chimadziwika kuti zumbani. Anapeza kuti m'Malawi muno muli mitundu iwiri ya chitsambachi. Mu mtundu wa javanica, mankhwala ochuluka m'mafuta ndi perillaldehyde. Mu mtundu wa whytei, ochuluka ndi myrcenone. Atayesa mankhwalawa paokhapaokha pa nankafumbwe wa chimanga, perillaldehyde anapha, linalool ndi carvone anaphanso, koma myrcenone sanaphe. Mafuta athunthu a mitundu yonse iwiri anali ndi mphamvu akakhudza kachilomboko, koma a javanica anaonetsanso kuti mpweya wake wokha ungathe kupha. Kwa munthu amene amaika masamba m'thumba n'kumanga kukamwa, osati kupaka mafuta pa kachilombo kalikonse, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Panalinso china. Kuchuluka kwa mafuta, ngakhalenso kasakanikidwe ka mankhwala ake, kunkasintha malinga ndi nthawi imene masamba athyoledwa m'nyengo yomweyo.

Ndiye kuti mayi uja ndi bambo uja onse angathe kukhala akunena zoona. Dzina la chitsamba anamva limodzi, koma zimene zinalowa m'matumba awo zingakhale zosiyana kutalitali. Si ku Malawi kokha. Mu 2005, Alvaro Viljoen ndi anzake ku South Africa anayeza Lippia javanica yemweyu n'kupeza magulu asanu a mafuta: lina lodzaza myrcenone, lina carvone, lina piperitenone, lina ipsenone, ndipo lina linali ndi linalool wopitirira 65 pa 100 aliwonse. Kusiyanaku kunapezeka ngakhale pakati pa zitsamba zomera malo amodzi.

Umboni wopweteka kwambiri unachokera pa ombwe, amene Atumbuka amati mtetezga. Mphamvu ya ombwe siili m'mafuta onunkhira, ili m'mankhwala a gulu la rotenone, koma phunziro lake ndi lomwelo. Mu 2012, Philip Stevenson wa ku Kew, Stephen Nyirenda wa ku malo ofufuza za ulimi a Lunyangwa mu Mzuzu momuno ndi anzawo anaulula kuti ombwe ali pawiri. Wina ali ndi deguelin, tephrosin ndi rotenone, mankhwala opha tizilombo. Winayo alibe, ali ndi mankhwala ena amene sapha kanthu. Atatenga zomera m'malo 13 m'dziko muno, kumene alimi amalima ombwe kuti aziphera tizilombo, anapeza kuti pafupifupi mtengo umodzi mwa inayi iliyonse unali wa mtundu wopanda mphamvu uja. Mlimi ankathyola, kusinja, kuviika usiku wonse, kusefa, kupopera m'dimba, nsabwe za m'masamba n'kumangodya ngati palibe chachitika. Akadandaula, anzake ankamuuza kuti walakwitsa muyezo. Sanalakwitse kanthu. Ombwe wakeyo anali wokometsera nthaka basi.

Zimene zimabweretsa kusiyanaku n'zodziwika. Choyamba ndi chibadwa cha chomeracho, ndipo ichi sichisintha ngakhale atachithira manyowa otani. Kenako pamabwera nthaka, mvula, kuzizira ndi kutalika kwa malo. Mzuzu ali pamtunda wopitirira mamita 1,200, Nkhata Bay ali m'mphepete mwa nyanja pa mamita osakwana 500, ndipo ulendo wake ndi wa ola limodzi chabe pa minibasi. Palibe chifukwa choganizira kuti masamba a malo awiriwa angafanane mphamvu. Kukhwima kwa tsamba kuli ndi gawo lake. Chomaliza, chimene chili m'manja mwa munthu aliyense, ndi kaumitsidwe. Mafuta amenewa amauluka. Masamba oyanikidwa pamkeka padzuwa la Seputembala kwa masiku angapo amanunkhiritsa bwalo lonse, ndipo fungo limenelo ndi mphamvu imene ikuthawa. Oumitsidwa pamthunzi amasunga yambiri.

Otsutsa zitsamba, amene ambiri mwa iwo chimfine chikawagwira mu Julayi amathamangira mandimu ndi jinja mosachita manyazi, ali ndi mfundo zitatu. Actellic ali ndi pepala lonena muyezo, ndipo botolo la ku Mzuzu n'chimodzimodzi ndi la ku Limbe. Kupha anankafumbwe m'kabotolo ka mu labotale si kupulumutsa thumba la makilogalamu 50. Ndipo masiku ano kuli matumba a PICS, otsekera mpweya, amene amapha tizilombo popanda mankhwala alionse. Zonsezi n'zoona. Kamanula ndi anzake nawonso ananena poyera kuti pakufunika kusankha mtundu woyenera, kudziwa nthawi yokololera, ndiponso kuyesa mafutawo m'malo enieni osungiramo chimanga. Banja limene lili ndi matumba atatu okha oti liwolokere nawo Febuluwale lisauzidwe kuti liyike chakudya chake chonse pa chiswe podalira masamba osadziwika mtundu.

Koma pa mfundo zoonazi otsutsawa amamangapo bodza, lakuti popeza mphamvu ya zitsamba imasinthasintha, ndiye zitayidwe. Mbiri ya mankhwala a malungo ikanayenda choncho, bwenzi kulibe kwinini. Makungwa a mitengo ya cinchona ankasiyana mphamvu kwambiri, ndipo minda yoyamba imene Azungu anatsegula ku Asia inkapereka kwinini wochepa mokhumudwitsa. Mu 1865, Manuel Incra Mamani, mbadwa ya ku Bolivia, anatolera Mzungu wina, Charles Ledger, mbewu za mitengo imene iye ankaidziwa kuti ndiyo yamphamvu. Adatchi anagula zina mwa mbewuzo, anazibzala ku Java, anayeza makungwa a mitengo yake, n'kuchulukitsa yokhayo yokhala ndi kwinini wambiri. Pofika m'ma 1930, pafupifupi kwinini yense wa padziko lapansi ankachokera kumeneko. LA amene Amalawi akhala akulandira kuchipatala kuyambira 2007 nayenso gwero lake ndi chitsamba, Artemisia annua, chimene mphamvu yake imasiyana chomera ndi chomera. Palibe amene anachitaya. Anachiyeza.

Mfundo ya mtengo nayo otsutsawa amaidumpha mwadala. Mankhwala ophera tizilombo amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zoitanitsa kunja zinakwera. Wogulitsa tomato pamsika wa Chiputula amawerenga ndalama yake mosiyana ndi wa pa ofesi. Ndipo si zoona kuti zonse zinathera mu labotale. Mu 2018, Yolice Tembo wa ku LUANAR ndi anzake anasindikiza zotsatira za kuyesa madzi a zomera zisanu ndi chimodzi, kuphatikizapo chanzi, ombwe, deliya ndi futsa, m'minda ya mbewu za mtundu wa nyemba ku Malawi ndi ku Tanzania. Tizilombo toononga tinachepa, zokolola zinakwera poyerekeza ndi minda yosapopera, ndipo tizilombo tothandiza mlimi sitinaphedwe monga timaphedwera ndi mankhwala a m'sitolo.

Komabe a zitsamba nawo ali ndi mlandu wawo, ndipo unaonekera poyera mu Januwale 2021. Mwezi umenewo Covid-19 inapha nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, ndipo mantha analowa m'nyumba iliyonse. Mitengo ya bulugamu inasadzulidwa mpaka pamene dzanja limafika. Usiku, mphika wa madzi owira unkaikidwa pansi, masamba m'katimo, munthu n'kudzifunditsa bulangete kuti akoke nthunzi mpaka thukuta kamukamu. Mphuno zinkatseguka ndithu, ndipo cineole, amene amapezeka m'mafuta a bulugamu, ndi wodziwika pa ntchito imeneyi. Koma kutsegula mphuno si kupha kachilombo, ndipo palibe umboni wakuti nthunziyo inkachiza matendawa. Chinanso, bulugamu si mmodzi. Mafuta a bulugamu ovomerezeka ngati mankhwala ku Ulaya amayenera kukhala ndi cineole wosachepera 70 pa 100 aliwonse, ndipo amachokera makamaka ku Eucalyptus globulus ndi mitundu ina yowerengeka. Wa m'minda yathu wambiri ndi wa milimo ndi nkhuni, monga grandis, saligna ndi camaldulensis, amene mafuta ake amasiyanasiyana. Uja wonunkhira ngati ndimu ali ndi citronellal, mankhwala enanso. Wothyola sankafunsa zimenezi, bola tsamba likhale lalitali ndi lonunkhira.

Mawu akuti "n'zachilengedwe, sizipweteka" ndiwo oyenera kuwathetsa msanga. Mafuta a bulugamu akamwedwa, ngakhale supuni yaing'ono, angathe kukomola mwana. Mphika wa madzi owira pansi pa bulangete umawotcha ukagubuduka. Ombwe amapha nsomba mumtsinje. Munthu sanganene kuti masamba ndi amphamvu moti amapha anankafumbwe, n'kutembenuka kunena kuti alibe ngozi iliyonse. Botolo la mafuta kapena paketi ya masamba yongolembedwa mndandanda wa matenda khumi, yopanda dzina lenileni la chomera, kumene chinakololedwa ndi mwezi wake, ikupereka zida kwa otsutsa aja.

Ntchito yotsalayo si yodula kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake kuchedwa kwake kumanyansa. Chanzi chimamera podula nthambi n'kubzala, ndipo chomera chobadwa motero chimatenga chibadwa cha mayi wake. Mtundu wokhala ndi perillaldehyde wambiri ukadziwika, ungathe kuchulukitsidwa pa nazale ku Lunyangwa, alangizi n'kuugawa pamodzi ndi kapepala ka m'Chitumbuka ndi m'Chichewa konena mwezi wothyolera, kaumitsidwe ndi muyezo wa pa thumba limodzi, muyezowo utayesedwa kaye m'nyumba zenizeni ngati za ku Chiputula, Chibavi ndi Zolozolo, kumene chimanga chimagona m'chipinda chimodzi ndi ana. Mbewu ya ombwe yogawidwa kwa alimi iyenera kuchokera ku mitengo yoyezedwa. Malawi Bureau of Standards ingathe kuika mlingo wa mankhwala oyenera kupezeka m'mafuta ogulitsidwa, monga anachitira a ku Ulaya pa bulugamu, ndipo wonena kuti mafuta ake amachiza matenda akaonetse umboni ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Pakadali pano, wokhala ndi ndalama ya thumba la PICS agule, masamba awaumitse pamthunzi, ndipo amene chanzi chake chinagwira ntchito chaka chatha adulire mnansi wake nthambi za chitsamba chomwecho m'malo momuuza dzina lokha.