Zikomo kwa inu amene munafufuza za ganyu wa mu Januwale

Kwa a Pulofesa Felix Masiye a ku University of Zambia, amayi Kelsey Jack, abambo Günther Fink, ndiponso akuluakulu onse a ku IAPRI ku Lusaka,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Msanzala. Simundidziwa, ndipo pakhomo panga simunapondepo. Ndine mphunzitsi wopuma, masiku ano ndimasunga mabuku a kopaletivu ya alimi a m'mudzi mwathu. Kunyumba timalankhula Chinsenga, koma ndalemba m'Chinyanja cha kusukulu kuti anzanga a ku Katete, ku Chipata ngakhale a ku Mchinji amve nawo.

Wandilembetsa kalatayi ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zachuma ku yunivesite. Atabwera ku holide chaka china mvula ili pakati, anandipeza ndikukalipira mnansi wanga. Bamboyo anali atasiya munda wake uli thengo, udzu wofika m'mawondo, n'kumadzukira kukapalira kwa munthu wina. Ndinamunena kuti saganiza za mawa. Mtsikanayo sanayankhe pamaso pa akulu, koma madzulo tili pakhonde anatulutsa foni, nati, "Amalume, zimene mumakalipira zija anthu anazifufuza kale ku Chipata." Tinakhala mpaka batire litatha, iye akuwerenga Chingelezi chanu cholimba chija, ine ndikufunsa ngati mwana wa Giredi 1.

Ndinamva kuti munalowa m'midzi 175 ya m'boma la Chipata kwa zaka ziwiri, 2014 ndi 2015. Midzi ina munaipatsa ngongole ya K200 banja lililonse mu Januwale, ina munaipatsa matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50, ndipo ina simunaipatse kanthu kuti mukhale ndi poyerekezera. Kubweza kunali pambuyo pokolola, K260 kapena matumba anayi. Zotsatira zake munazisindikiza mu 2020 m'magazini ya American Economic Review. Mabanja amene analandira ngongole anachepetsa ganyu n'kubwerera m'minda yawo, anadya bwinoko m'miyezi ya njala, ndipo zokolola zawo zinakwera. Malipiro a ganyu nawo anakwera m'midzi imeneyo, chifukwa manja ofuna ganyu anachepa. Chimene chinandikhazika chete n'chakuti chaka choyamba anthu oposa 9 mwa 10 aliwonse anabweza ngongoleyo. Komatu awa ndi anthu omwe aja timawanena kuti sadziwa kubweza.

Usiku umenewo ndinagona ndi manyazi. Ndinabadwira m'mudzi, ndakulira pakhasu, koma ndinali ndisanawerengerepo bwino nkhani ya mnansi wanga. Nkhokwe yake imatha Khirisimasi isanafike. Ana akalira, iye ali ndi njira ziwiri zokha: kaloba, kumene K100 imabala K50 mwezi usanathe, kapena ganyu, kumene amabwerako ndi meda ya chimanga yongokwana masiku ochepa. Akasankha ganyu, sabata imene udzu ukupikisana ndi chimanga chake chaching'ono ndi yomwe iye ali kwa eni. Akamabwerera kwake, chimanga chachita chikasu. Chokolola chimachepa, nkhokwe imatha msanga kuposa chaka chatha, ndipo Januwale wotsatira amayamba ganyu mofulumirirapo. Ine ndinkaona munthu wosasamala munda. Inu munaona munthu amene akugulitsa masiku ake odula kwambiri pamtengo wotsika chifukwa alibe pobwereka pabwino. Ndipo amene ankagula masikuwo, tinene zoona, ena mwa iwo ndife a penshoni.

Tinakambirana nkhaniyi ku kopaletivu, ndipo tinagwirizana zosunga matumba angapo pokolola kuti tizibwereketsa mamembala mu Januwale, atatu kubweza anayi, monga munachitira inu. Sindinganame kuti zinayenda ngati m'pepala lanu. Panali mikangano ya yemwe ayambe kulandira, ndipo wina anabweza chimanga chofumbwa. Kenaka chinabwera chilala cha 2024, chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo panalibe wobweza ngakhale wobwereketsa. Koma mvula itabwerera, oyamba kufunsa kuti tiyambirenso anali amayi, osati ife a komiti.

Mtsikana yemweyo ndiye anandidziwitsanso za inu a IAPRI, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2011 kuchokera ku ntchito yofufuza za chakudya imene Michigan State University inayamba m'dziko lino mu 1999. Dzina la a Chance Kabaghe ndinkalimva pa wailesi, la a Antony Chapoto chimodzimodzi, koma sindinkadziwa kuti zimene amanena zimachokera m'makomo mwa alimi, m'kafukufuku wa RALS wa 2012, 2015 ndi 2019. Ofufuza otere akafika pakhomo ndi mafunso awo osatha, ambuzi angati, matumba angati, munagulitsa liti, ife timaona ngati akutitayitsa nthawi ya kudimba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwa mafunso amenewo munatulutsa chinthu chimene sindinachimvepo pa msonkhano uliwonse wa ndale: theka la chimanga chimene alimi ang'onoang'ono amagulitsa limachokera kwa mabanja pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse, zaka zina ochepera apo, pamene mabanja oposa limodzi mwa anayi amagula chimanga chambiri kuposa chimene amagulitsa.

Nambala imeneyo inasintha mmene ndimamvera wailesi. Mtengo umene boma limagulira thumba la chimanga kudzera ku FRA utachoka pa K280 mu 2023 kufika pa K330 mu 2024, ena anaomba m'manja kuti mlimi wakumbukiridwa. Ine ndinayang'ana m'buku la kopaletivu, n'kudzifunsa kuti mlimi wake uti. Chaka chimenecho ambiri a ife tinali pamzere wogula. Sindikunena kuti mtengo ukhale wotsika, nanenso ndikakolola bwino ndimafuna ndalama. Ndikungoti mawu akuti "mlimi" amabisa anthu awiri, wogulitsa matumba mazana ndi wogula meda imodziimodzi, ndipo ndinu amene munawalekanitsa pa pepala kuti aliyense aoneke. Pa nkhani ya fataleza wa boma wa FISP, amene anayamba mu 2002, munasonyezanso ndi manambala zimene agogo aliyense amadziwa, kuti thumba lofika mochedwa silibereka ngati lofika nthawi yake. Zodziwikiratu, inde, koma agogo akanena ndi madandaulo chabe, inu mukalemba zimakambidwa ku Lusaka.

Pali pamodzi pamene ndinalimbana nanu. Ofufuza anzanu a Nicholas Sitko ndi a Thomas Jayne analemba mu 2014 kuti amalonda ang'onoang'ono ogula chimanga m'midzi, aja timawatcha ma briefcase, si akuba onse monga amanenedwera. Anapeza kuti amafika mpaka pakhomo, amalipira pompopompo, ndipo m'midzi yambiri amakhalapo angapo opikisana. Nditamva ndinakwiya, chifukwa sikelo yonama ndinaionapo ndi maso angawa, ndipo wogula wobwera mu Meyi, chimanga chisanaume, amadziwa kuti wapeza munthu wopanikizika ndi fizi ya ana. Koma nditaganiza mofatsa ndinavomera theka. Kuchokera kuno kukafika pa Great East Road si pafupi, ndipo mayi wamasiye wa matumba awiri sangalipire galimoto. Mwana akadwala usiku, ndi wa sikelo yemweyo amene amapezeka ndi ndalama m'thumba. Tsopano m'malo mowatukwana, timaitana awiri kapena atatu tsiku limodzi, sikelo n'kukhala yathu. Theka linalo ndikadali nalo, tidzakambirana mukadzabwera.

Ndikuthokozaninso chifukwa mawu akuti ganyu munawasiya momwemo m'pepala lanu la ngongole lija, osawasandutsa Chingelezi. Mtsikana uja akuti anzake a m'kalasi anaseka atawapeza m'magazini ya ku America. Ine sindinaseke. Ndinaganiza za anyamata ndi atsikana amene anayenda m'matope kukafunsa mafunso m'midzi 175 ija, mayina awo sindiwadziwa, ndiponso za amayi amene anaulula kwa mlendo kuti dzulo anadya kamodzi. Zikomo yangayi muwagawireko.

Pempho ndili nalo, poti mwana wothokoza ndiye amapemphanso. Zonsezi zinandifika mwangozi, chifukwa choti m'banja mwathu muli mwana wa ku yunivesite wokhala ndi foni. Mnansi wanga uja, mwini nkhani, anazimva kwa ine pamene ndinapita kukapepesa. Mukamaliza kafukufuku wina, tipatseniko tsamba limodzi m'Chinyanja kapena m'Chinsenga, loti alangizi n'kuwerenga pansi pa mtengo, kapena theka la ola pa wailesi za ku Petauke. Ndipo ngati mufuna midzi ina yoyeseramo ngongole ya mu Januwale, kuno ku Lusangazi ndi kwa anzathu a ku Nyimba iliko yambiri. Mubwere mvula isanayambe, msewu wathu ukanyowa suona nkhope. Mukadzera ku Nyimba mugule nthochi za m'njira, nsima ndi nkhuku mudzazipeza kuno.

Ine wanu,
Mlembi wa kopaletivu ya alimi,
Msanzala