Wosanza Mwazi Asagone Pamudzi

Palibe chimene chimazunguza mudzi monga kuona msodzi wamphamvu, amene dzulo lomweli ankakoka khoka, akusanza mwazi wodzaza mbale kapena kuchita chimbudzi chakuda bii chonga phula. Pakuti pamenepo ambiri amafulumira kunena kuti walodzedwa, ndipo usiku umene ukadathera pa ulendo wa kuchipatala umathera pa kuombeza ula, chikhalirecho akulu anatichenjeza kalekale kuti madzi akatayika saoleka.

Mwaziwo uli ndi gwero lodziwika. M'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, mazira a likodzo la m'matumbo amakakamira m'chiwindi zaka ndi zaka, kufikira chiwindicho chilimba ndi kutsekereza mwazi, umene posowa podzera umatupitsa mitsempha ya kunsi kwa mmero mpaka tsiku lina umodzi uphulika. Kwa ena gwero ndi zilonda za m'mimba, zimene aspirin ndi brufen wogula pa okala amazikulitsa.

Chiyambire 1957, pamene Basil Hirschowitz, mbadwa ya ku South Africa, anameza yekha chounikira chake cha ulusi wa galasi ku Michigan, dokotala akhoza kuona mosavuta bala la m'kati osang'amba munthu. Amalowetsa chounikira chotchedwa endoscope kudzera m'kamwa, nayang'ana pa kanema. Akapeza mtsempha wotupa amaukokera m'kachipewa ka kunsonga kwa chounikiracho, naumanga ndi kamphete ka mphira, ndipo mwazi umaleka iye akuona. Pa chilonda amabaya adrenaline, nawotcha kapena kupana ndi kachitsulo. Ntchitoyi iyenera kuchitika maola 24 asanathe.

Tsono nkhawa yanga ndi iyi, ndipo ndiinena mosapsatira: chithandizo chimenechi chimapezeka makamaka m'zipatala zazikulu za m'mizinda, pamene likodzo lamanga msasa kumadambo ndi kumagombe akutali. Akuluakulu a zaumoyo asamaone timphete timeneti ngati katundu wodikira wachifundo wa kunja. Atilembe pamodzi ndi mankhwala osayenera kusowa, asunge mwazi woika odwala, naphunzitse anamwino ndi madokotala okwanira kugwira ntchitoyi ngakhale pakati pa usiku. Komanso kumanga kamodzi sikukwanira, pakuti wodwala ayenera kubwerera pakapita masabata angapo kufikira mitsemphayo itafota. Ndipo popeza msodzi wa ku Nkhotakota kapena mlimi wa ku Nsanje sangapeze ya basi ulendo ndi ulendo, akatswiriwo azinyamula zida zawo pa masiku oikika, nakamupeza ku chipatala cha boma lake.