Mlendo ndi mame, koma ndalama yake si mame

Mwana wa mlongo wanga adachoka ku Mchinji mu February 2020 kubwera kuno ku Kabwe kudzachita maphunziro a ku yunivesite. Adafika malo ogona a pasukulu atadzaza kale, ndiye tidampezera chipinda ku Nakoli, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Chimbudzi ndi bafa zinali panja, mpopi umodzi wa bwalo lonse, lendi K600 pamwezi. Mayiwo atamva kalankhulidwe ka mtsikanayo adanditembenukira.

“Ndi wa ku Malawi uyu? Ndiye alipiriretu miyezi isanu ndi umodzi. Alendo amasamuka usiku.”

Sitidatsutse. Ndidatumiza K3,600 pafoni tili chiimire pakhonde pawo. Za lisiti ndidaziganiza ndithu, koma ndidachita manyazi kupempha pepala kwa munthu wa msinkhu wa amayi anga, amene anali atangotikhazika pampando n’kutipatsa madzi akumwa.

Pa 20 March boma lidatseka masukulu onse chifukwa cha Covid-19. Mwanayo adalongedza zovala m’chikwama, adakwera basi ya ku Lusaka, kenako ya ku Chipata, n’kudutsa pa Mwami kubwerera kwawo. Mu May ndidapita kukatenga matiresi ake. Pakhomo ndidapeza nsapato za mwamuna, pazenera katani wachilendo. Chipindacho chinali chitalowa munthu wina, ndipo naye ankalipira.

Ndisanawaweruze mayiwo, ndiyenera kunena za tauni yathu. Kabwe adakula ndi mgodi wa mtovu ndi zinki umene udapezeka mu 1902, masiku amene dzina lake linali Broken Hill. Mgodiwo utatsekedwa mu 1994, mabanja ambiri adatsala ndi malo okhalapo koma opanda malipiro a pamwezi. Lero tili ndi Mulungushi University, imene idakhazikitsidwa mu 2008, ndi Kwame Nkrumah University, imene idayamba ngati koleji ya aphunzitsi mu 1967. Ophunzira ndiwo mgodi watsopano. Aliyense amene ali ndi kabwalo kuseri kwa nyumba amaumba njerwa n’kuimika zipinda ziwiri kapena zitatu. Lendi yolipiriratu sigona m’nyumba: lero yalowa, mawa yasanduka malata, simenti, kapena fizi ya mdzukulu.

Apa ndi pamene ambirife timasokonezeka. Timaganiza kuti tikalipira miyezi isanu ndi umodzi tagula mtendere. Zoona zake n’zakuti takongoza mwini nyumba ndalama ya miyezi isanu, popanda chiwongoladzanja, popanda chikole, popanda mboni. Munthu yemweyo atabwera kudzatibwereka K3,000 tingafunse tsiku lobweza, tingaitane wina adzaone. Koma ndalama ikangotchedwa lendi, timapereka ndi manja awiri, tikuthokoza.

Kwa wophunzira wochokera kunja, ngongole imeneyi imavuta kawiri. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umatiphunzitsa kusamala mlendo poti sakhalitsa, koma eni nyumba ena amaumva mwina: ingomuchedwetsa, akamuka yekha. Sakana kubweza ayi. Amati “mubwere kumapeto kwa mwezi”, kumapeto kwa mwezi amati “amene amasunga ndalama wapita ku maliro”. Akudziwa kuti chilolezo cha mwanayo chokhalira m’dziko chili ndi tsiku lothera, ndiponso kuti ulendo wochoka ku Mchinji kudzalonjerera ndi kubwerera udya gawo lalikulu la ndalama imene akufunayo.

Lamulo lilipo. Rent Act ya mu 1972 imaletsa mwini nyumba kufuna kapena kulandira lendi ya patsogolo yopitirira miyezi iwiri. Makhoti a milandu ing’onoing’ono ya ndalama aliponso, kumene munthu amadzilankhulira yekha popanda loya. Koma khoti limafuna zinthu ziwiri zimene mlendo amasowa: umboni ndi munthu woimirira pamaso pake tsiku la mlandu.

Mwanayo ankandiimbira sabata iliyonse. “Amalume, kodi ndalama ija ndiiwale?” Ine umboni wanga unali umodzi wokha, uthenga wa pafoni uja wosonyeza tsiku, nambala ya mayiwo ndi K3,600. Mwamwayi sindidaufufute. Sindidathamangire ku khoti. Ndidapempha mkulu wa mpingo umene mayiwo amapemphera kuti atiperekeze, poti ku komboni manyazi amagwira ntchito msanga kuposa samani.

Tidakhala pansi pa mtengo wa mango. Mkuluyo adawerenga uthengawo mokweza, kenako adawerengera pa zala. February ndi March mwana adagonamo. April chipinda chidakhala chotseka, ndipo sitidapereke notisi, choncho mwezi umenewo ndi wa mwini nyumba. Koma May, June ndi July? “Amayi,” adatero mofatsa, “mbale imodzi ya nsima simungaigulitse kwa anthu awiri.” Mayiwo adakhala chete nthawi yaitali, kenako adaloza denga la chipinda chatsopano. “Ndalama yanu ndi iyo. Ndifumule malata?” Tidagwirizana K1,800, kubweza K300 mwezi uliwonse.

Kwa makolo ndi ophunzira amene mukubwera chaka chino, kaya muchokera ku Malawi, ku Congo kapena ku Zimbabwe, ndikupempheni izi. Pemphani kulipira mwezi ndi mwezi, kapena miyezi iwiri basi. Akakana, ndipo chipinda mukuchifunadi, ng’ambani tsamba m’kope mulembe dzina la mwini nyumba ndi nambala ya chitupa chake, ndalama, miyezi imene yalipiridwa, ndi mawu awa: ndikachoka nthawi isanakwane chipinda n’kulowa wina, miyezi yotsala idzabwezedwa. Asaine iye, musaine inu, asainenso mboni imene idzakhale ikadali m’Kabwe inu mutapita. Lipirani pafoni, ku nambala ya mwini nyumba weniweni, osati ya mnyamata amene wakulozerani chipinda. Pochoka, perekani notisi yolemba, jambulani chipinda, ndipo kiyi muperekere pamaso pa munthu.

Kwa eni nyumba ndingoti: ana athu ali ku Lilongwe, ku Johannesburg, ku Moscow, akugona m’zipinda za eni, nawonso amatchedwa alendo osamuka usiku.

Mayi aja adabweza yonse, ngakhale miyezi ina ndinkapita kawiri. Chimene sindiiwala n’chakuti tsiku loyamba kundipatsa K300 adatulutsa kope lachikuto chofiira, adalemba tsiku ndi ndalama, n’kundipatsa cholembera.

“Sainani apa bambo, mungadzakane.”

Ndidasaina kasanu ndi kamodzi. Manyazi amene ine ndidachita pa K3,600, iwo sadachite pa K300.